Ndinakana kunyamula anthu a kumaliro, ndipo ndidzakananso

Abale anga a kumudzi kuno, ndi inu a m'tauni amene mumawerenga zanga mwakachetechete osasiyako ndi moni yemwe, ya leroyi ndi yaitali. Amene bandulo yatsala pang'ono kutha sungani, muwerenge mawa.

Nkhaniyi yandipeza podzera njira zitatu. Mayi a kunyumba anaimva pamjigo, mnyamata wanga anaimva kubwalo la mpira, ine ndinadzionera ndekha Lamulungu potuluka m'tchalitchi, pamene kagulu ka azibambo kanangoti zii nditayandikira. Akuti ndayamba matama. Akuti kagalimoto kamodzi kokalamba kandilowa m'mutu mpaka kukana kunyamula anthu opita kumaliro ku Golomoti. Wina akuti anachita kunena kuti tidzaona tsiku limene zovuta zidzagwe pakhomo pake, bokosi adzasenza yekha. Mawu amenewo andipweteka, sindinama ayi. Malemuwo anali munthu wanga. Chaka cha njala chija cha 2002 anatigawirako ufa, iwonso ali ndi ana awo olira.

Koma ndinakanadi, ndipo zikadzakhalanso chimodzimodzi ndidzakananso. Amene mukundinena imvani kaye mbali yanga, kenako mupitirize kunena.

Uthenga unafika Lachitatu usiku. Ndinavomera pomwepo, ndinawauza amfumu kuti 6 koloko m'mawa tinyamuka. Lachinayi ndinadzuka kukadali mdima kuti ndione madzi ndi oyilo monga ndimachitira ulendo ukakhala wautali. Nditawalitsa tochi ya pafoni pansi pa galimoto, ndinaona tayala lakumbuyo la kumanzere lanyowa mkati mwake, mizere yakuda ikutsika kuchokera pa dilamu la buleki. Ndinati mwina galu wakodzera. Kukhudza ndi chala, zoterera. Kutsegula boneti, kabotolo ka brake fluid katsika kupitirira mzere wapansi, chikhalirecho Lolemba kanali kodzaza. Kuponda buleki, poyamba ikulimba, koma ukaigwira osasiya phazi likumira pang'onopang'ono mpaka pansi, ngati waponda m'dimba lothirira kumene.

Tsono aliyense pano amaudziwa msewu wa Khwekhwelere. Ukapatuka pa Masasa kusiya M1, umayenda pang'ono pamtunda, kenako dziko limangotseguka, chigwa chili uko pansi, ndiye kumatsika, kukhota, kutsika, kukhota, mpaka kukafika ku Golomoti. Mbali imodzi phiri, mbali inayo phompho. Pamsewu umenewo buleki siipuma. Anthu amene anali atakhala kale pakhonde panga, ndi mitolo ya nkhuni ndi mabeseni a ufa, anali 14, osawerengera ana akumsana. Pakati pawo panali achemwali anga enieni, bere limodzi.

Nditawauza kuti galimoto siiyenda, uphungu unayamba kugwa ngati mvula. Mnyamata wina amene anakhalako kondakitala wa minibasi anati, "Madala, musavutike. Paipi yopita kumbuyoyo ingoiphwanyani ndi hamala, kapena itsekeni ndi msomali. Fluid sadonthanso, akutsogolo agwira okha. Ife tinkatero, tsiku lonse tili pamsewu." Anthu anati eee, nzeru ndi zimenezo. Wina anati fluid akachepa wonjezerani madzi a sopo, amaterera chimodzimodzi. Wina anati oyilo wa injini alipo m'nyumbamo, mafuta ndi mafuta basi. Onsewa ankanena ndi mtima wabwino, dzuwa likukwera, anamfedwa akudikira. Ine ndinangoti ayi.

Vuto la nzeru ngati zimenezi n'lakuti zimagwiradi ntchito. Mnyamatayo sananame. Ukatseka paipi ya kumbuyo buleki imalimbadi, ukayesa pabwalo apa galimoto ili yopanda katundu imaima bwinobwino, aliyense n'kuomba m'manja. Zimagwira Lolemba, zimagwira Lachiwiri, mpaka munthu kuyamba kukhulupirira kuti a kufakitale anaika mabuleki pa mawilo onse anayi chifukwa chitsulo chinawachulukira. Tsiku limene zimakana ndi tsiku limene uli pamtsetse, anthu ali kumbuyo akuimba nyimbo za maliro.

Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala moto. Amene munatsikako phiri panjinga yakapalasa mutanyamula thumba, mukafika pansi gwirani chitsulo cha wilo pamene mphira imapana, mumva. Galimoto ndi chimodzimodzi, kungoti motowo ndi waukulu, ndipo mawilo anayi amagawana. Ukatseka kumbuyo, awiri akutsogolo amasenza wonse, pamene kulemera kwa anthu kwakhala kumbuyo komwe watsekako. Ma pad akatentha mopitirira amayamba kununkha ndi kuterera, iwe ukuponda ndi mphamvu zonse, galimoto ikungopita.

Za madzi a sopo nde zimandiopsa koposa. Brake fluid wa DOT 3, amene ndimathira ine, akakhala watsopano sawira mpaka atadutsa madigiri 205. Akakhalitsa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo amatha kumawira cha m'ma 140, n'chifukwa chake amati tizimusintha zaka ziwiri zilizonse ngakhale sakudontha paliponse. Madzi amawira pa 100, kuno kumapiri osafika n'komwe, paja nyemba za kuno zimatha nkhuni. Madzi akawira m'paipi amasanduka nthunzi, nthunzi imafinyika, phazi limangolowa mpaka pansi popanda chogwira. Ndipo sizichenjeza. Kona yapitayo inagwira, kona iyi palibe. Oyilo wa injini ndiye amatupitsa timphira tonse ta m'masilinda, pakangopita masiku umapeza waononga mawilo onse anayi pamodzi ndi master cylinder. Ena munati nanga handibuleki ilipo bwanji. Handibuleki imakoka ma shoe omwewo a kumbuyo, ndipo a kumanzere anali atamwa kale fluid.

N'kutheka tikanafika. N'kutheka ndithu, ambiri amafika. Koma ine sindichita juga ndi achemwali anga.

Ndikudziwa kuti anthu anavutika. Lole inapezeka mochedwa, ndalama yake inatuluka m'matumba a anthu amene alibe kale, ndipo ena anafika mwambo utayamba. Ine ndinapita pa kabaza, ndinakapepesa kwa anamfedwa, ndipo kwa amfumu ndinapita ndekha madzulo ake. Cholakwa changa chilipo, ndikuchivomera pagulu pano: madilamu a kumbuyo ndinali ndisanawatsegule kwa zaka ziwiri ndi miyezi. Silinda siiphulika tsiku limodzi, imayamba ndi thukuta pansi pa kamphira ka m'mbali. Ndikanatsegula mvula itangotha, ndikanaona, ndipo Lachinayi lija tikananyamuka 6 koloko. Pamenepo ndinenereni, ndilandira. Koma pa kukana paja, ayi.

Tsopano ndibwere kwa inu a m'tauni, musaganize kuti mwapulumuka.

Loweruka ndili pansi pa galimoto, mdzukulu wanga anandijambula, miyendo yokha ikuoneka kunja, n'kuponya pa gulupu ya banja pa WhatsApp. Koma ndiye munaseka. Mwana wa achemwali wa ku Area 25 anati amalume ayamba umakaniko wa pansi pa mango, mabuleki si khasu. Wina wa ku Blantyre anati gulitsani sikilapuyo musanaphe anthu. Wina anati bwanji osangopita nayo kugalaja ngati anthu ena onse. Ana anga, ndakumvani, ndipo ndikudziwa kuti pansi pa kusekako pali kundidera nkhawa. Koma mukulankhula ngati anthu amene pakhomo pawo pamadutsa tala.

Kagalimoto aka ndi ka Nissan 1400. Mphwanga anabwera nako kuchokera ku Joni, anakasiya kuno pobwerera. Timagalimoto timeneti tinkapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka anasiya mu 2008. Mulibe kompyuta, mulibe magetsi ochenjeza ambirimbiri, chilichonse umachiona ndi maso n'kuchigwira ndi dzanja. Kachewere wa mudzi uno amafika pa Lizulu pa kamenekaka. Feteleza amabwera pa kamenekaka. Amayi angati anapita kuchipatala usiku, matenda atayamba, atagona pamatiresi kumbuyo kwake, funsani amayi anu akuwerengereni. Inu amene mukuti ndigulitse, mlongo wanu zikamuvuta 2 koloko usiku mu Febuluwale, ka Vitz kanu kadzachoka ku Area 25 kudzaoloka khwawa lija la kuseri kwa sukulu?

Nanga galaja. Galimoto yopanda mabuleki ndikanapita nayo bwanji kuboma, pa M1, pakati pa malole ndi ana a sukulu? Kuikoka ndi ndalama. Kuisiya kumeneko ndi masiku. Ndipo ndili ndi chilonda changa. Zaka zapitazo ndinalipira pagalaja ina, dzina sinditchula, kuti andiikire ma shoe atsopano kumbuyo. Galimoto inayamba kukokera mbali imodzi ndikaponda buleki. Nditatsegula ndekha, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, ndinapeza mbali imodzi yatsopano, inayo yakale yomwe ija, ndipo kasipuling'i kamodzi kosowa anakalowetsa m'malo ndi waya wa mpanda. Sindikunena amakaniko onse. Amene anandiphunzitsa zomwe ndikudziwazi ndi mkulu wina amene anakalambira pansi pa malole, munthu wosalola nati imodzi kutsala pansi. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinati amene amakweza ana ake m'galimoto ndi amene ayenera kudziwa zomwe zili m'kati mwa dilamu. Makaniko akamaliza amasamba m'manja n'kupita kwawo. Pa Khwekhwelere ndimatsika ndine.

Ndiye chimene ndikunena n'chakuti mwini galimoto yakale kumudzi aphunzire kulowa pansi pake yekha. Inu a m'tauni mumaona munthu ali pansi pa mango n'kuganiza kuti onse ndi a hamala ndi msomali aja. Inu a kumudzi mumaona munthu ali ndi sipanala n'kuganiza kuti ndiye kuti chilichonse angathe kulumikiza galimoto n'kuyenda lero lomwe. Nonse mwasokoneza zinthu ziwiri. Ndikuuzeni mmene ndinachitira, muone nokha ngati ndi ntchito yofanana ndi ya msomali.

Lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe, silinda yakale ili m'jumbo. Osapita kukagula chitsulo cha galimoto ndi pakamwa pokha, mudzabwera ndi cholakwika. Ndinazungulira mashopu a sipeya a cha ku Malangalanga. Chinthu chimodzi, mitengo itatu. Yotchipa kwambiri inali m'kabokosi kokongola kuposa zonse, koma kuitembenuza m'manja, chitsulo chake chokhakhala, timphira touma ngati chikopa. Chikomekome cha mkuyu. Ndinagula ya pakati imene mkulu uja anandiuza, ndipo ndinagula ziwiri, chifukwa ngati ya kumanzere yatopa, ya kumanja ndi ya msinkhu womwewo. Ma shoe ndinagula seti yonse ya mawilo awiri. Shoe imene yamwa fluid siichapika, kaya ndi petulo kaya kuiwamba pamoto monga ena amachitira, ikatentha fluid amatulukanso. Ndipo ukasintha mbali imodzi yokha, galimoto imakokera kumene kukugwira kwambiri. Fluid ndinagula wa m'botolo lomata, osati wopungulira m'kabotolo ka zakumwa. Ndalama yake inali ya feteleza wa m'dimba. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kasipeya kalikonse ukafunsa mtengo umayamba wakhala pansi.

Loweruka ndinayamba ndi chinthu chimene anthu ambiri amachidumpha. Jeke ndi yokwezera basi, si yogonera pansi pake. Ndipo chonde, abale anga, njerwa ayi. Njerwa siichenjeza, imangoti phwa kamodzi, galimoto ili pachifuwa pako. Ine ndili ndi zipika ziwiri za bulugamu wouma, zodula bwino mbali zonse, zimene ndimaika pansi pa chitsulo cholimba, pamalo osalala. Miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala otsala pansi. Tayala lomwe ndachotsa ndimaligoneka pansi pa galimoto, kuti zonse zikakanika ligwire ndi ilo. Kenako ndimaigwedeza ndi manja awiri ndisanalowetse mutu.

Kutsegula dilamu, fumbi lake osaliuzira ndi pakamwa. Ma shoe ena, makamaka akale, amakhala ndi asbestos, ndipo fumbi limenelo likalowa m'mapapo silituluka. Kansanza konyowa basi. Musanachotse kalikonse jambulani ndi foni, ndipo musamasule mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Timasipuling'i ta m'menemo timaoneka tosavuta tili pamalo pake, tikakhala m'beseni timafanana tonse. Mbali imene simunaikhudze ndiye mphunzitsi wanu. Kanati ka paipi kamafuna sipanala ya 10 yogwira bwino, ukakaphera makona ndi pulayala walowa m'mavuto ena. Yanga sindinaipeze, ndinachita kukabwereka kuchigayo, nkhani imeneyo ndibwereranso. Ndinayang'ana m'kati mwa dilamu ngati muli mizere yakuya, ndinapeza muli bwino. Ndinatsata mapaipi onse ndi chala kufuna dzimbiri, ndinapinda timapaipi tamphira kuona ngati tang'aluka. Paipi ya buleki ikaola imafuna paipi ya buleki inzake. Kapaipi ka petulo komanga ndi waya sikangapirire mphamvu imene imadutsa m'menemo.

Kenako kutulutsa mpweya, amakaniko amati kubulida. Imeneyi ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo kwathu kuno wopondayo ndi mayi a kunyumba, amene pano amaidziwa kuposa anyamata ambiri a pa siteji. Umayamba ndi wilo lakutali kwambiri ndi master cylinder. Ine pansi ndi kapaipi kolowa m'botolo, iwo pampando. "Popani!" Apopa. "Gwirani!" Agwira. Nditsegula kanati, fluid atuluka ndi thovu, nditseka. "Siyani!" Akasiya ndisanatseke, mpweya wabwerera, tayambiranso. Banja limayesedwa pamenepo, ndikukuuzani. Kabotolo ka pamwamba kasaume, kakauma mwalowetsa mpweya wina. Tinapitiriza mawilo onse anayi mpaka fluid wakuda wakale atatha, kukutuluka woyera wopanda thovu. Fluid akadonthera pa penti tsukani msanga, amadya.

Popeza ndinali nditayamba kale, ndinatsegulanso kutsogolo kuona ma pad. Anali akadali ndi nyama. Koma amene mudzasinthe anu, kumbukirani ziwiri: kalipa isalendewere pa kapaipi kamphira, imangirireni ndi waya, ndipo mukamaliza popani buleki mpaka ilimbe musanalize injini. Kuponda koyamba kumapita pansi, ndipo anthu agumulapo makhitchini awo chifukwa choiwala zimenezi. Ine kuyesa ndinayesera pabwalo, pang'onopang'ono, ana onse atawachotsa. Kenako ndinaponda mwamphamvu n'kugwira kwa mphindi yathunthu. Phazi silinasunthe.

Ndili pansi pomwepo ndinaona zina zimene sindinkafuna kuona. Tsamba limodzi la sipuling'i ya kumbuyo lathyoka pafupi ndi pakati, ndipo shock ya mbali yomweyo yanyowa mafuta. Anthu ambiri amaganiza kuti ma shock ndi a anthu ofuna kukhala mwa wofuwofu, zinthu za mabwana. Ayi. Katundu amanyamula ndi sipuling'i, shock ntchito yake ndi kuletsa tayala kudumphadumpha. Pamsewu wathu uwu wa mabampu ngati malata, shock ikafa tayala limakhala theka la nthawi m'malere, ndipo tayala limene lili m'malere buleki yake ndi ya chabe, ngakhale ma shoe akhale a dzulo. Kanikizani kona ya galimoto ndi thupi lonse n'kusiya. Ikabwerera kamodzi n'kukhazikika, zili bwino. Ikamavina, shock yapita.

Tsamba lothyokalo, uphungu unabweranso: pitani nalo kwa owotcherera. Chitsulo cha sipuling'i anachiphika mwapadera kufakitale kuti chizipinda n'kubwerera. Moto wowotcherera umapha kuphika kumeneko, ndipo chimadzathyokanso pambali penipeni pa chowotchereracho, nthawi zambiri galimoto ili yodzaza. Ndikufuna tsamba lina, ngakhale lochotsa pa galimoto inzake, bola losathyoka. Ndikadzaika, ma U-bolt ndidzawamanganso pakapita maulendo angapo chifukwa amamasuka masamba akakhazikika, ndipo mabawuti a mabushi ndidzawalimbitsa galimoto itatera pansi, ikulemera pa matayala ake. Ukawalimbitsa ili m'malere, mphira imapotoka n'kung'ambika msanga. Za mabushi odula ku tayala lakale, ndivomere, ndinaikapo pa sipuling'i ya kumbuyo nthawi ina, anandifikitsa mpaka nditagulitsa nyemba. Pamenepo zikalephera galimoto imangogogoda, umamva, umaima.

Koma kutsogolo ndi nkhani ina. Kwezani wilo lakutsogolo, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, gwedezani. Kenako gwirani kumanja ndi kumanzere, gwedezaninso. Mukamva kho kho, wina aone pamene pakusewera: bering'i, ball joint kapena tie rod. Ndaonapo ndi maso anga ball joint yomangidwa ndi malegeni, ina yolowetsamo mapepala a pulasitiki kuti isamveke popita kokayezetsa COF. Abale, ball joint ikazuka wilo limagona chammbali. Tie rod ikazuka chiwongolero chimatembenuka chokha m'manja, matayala akupita kwina. Zimenezi sizilumikizidwa, zimasinthidwa, ndipo pa nati yake pamalowa kapini kake kopinda, osati msomali wa denga. Mukasintha tie rod werengani kuti yakaleyo yatuluka mutazungulitsa kangati, yatsopano ilowe chimodzimodzi, kenako mupitebe nayo kwa a makina akaongole mawilo, apo ayi matayala atha mbali imodzi nyengo isanathe.

Pali china chimene sindichita ndekha, ndipo sindichita nacho manyazi. Sipuling'i yozungulira ya kutsogolo, imene imakhala pamodzi ndi shock, imakhala yofinyidwa ndi mphamvu yoopsa. Ukamasula nati ya pamwamba popanda chida chake chopanira, imauluka, ndipo ikakupeza kumaso nkhani yatha. Ena amaimanga ndi zingwe. Ine ndimachotsa mwendo wonsewo n'kupita nawo kwa amene ali ndi chidacho. Dilamu likafuna kupala, limapita kwa a makina. Kudziwa pamene manja ako athera ndi mbali ya ntchito yomweyo.

Tsopano nkhani imene ambiri simuifuna. Tsamba lija silinathyoke lokha. Kagalimoto aka kanapangidwira katundu wa pafupifupi theka la tani, ndiye kuti matumba 10 kapena 11 a makilogalamu 50. Ife timakasenzetsa matumba a kachewere osokerera pamwamba aja, limodzi lolemera ngati munthu ndi mwana wake, kenako eni matumba n'kukhala pamwamba pake. Ndikati akwana, mumati madala, limodzi lokha ili. Limodzi lokha la uyu, limodzi lokha la uyo. Inenso ndakhala ndikulola, chifukwa kukana munthu amene unavina naye ukwati n'kovuta. Ndipo kunena zoona, ngakhale mabuleki akanakhala abwino tsiku lija, anthu 14 ndi nkhuni zawo anali ochuluka. Kuyambira pano ndi anthu 8, kaya ndi ukwati kaya ndi maliro. Ndibwereza ulendo kawiri ngati petulo alipo.

Nanga ndalama? Ndikapereka galimoto pa zovuta, anthu amasonkha ya petulo, ndipo ndimathokoza. Koma m'maganizo mwa ambiri galimoto imadya petulo yekha. Ma shoe amatha pa ulendo wa maliro monga amathera pa ulendo wa kumsika. Chiyambireni palibe anabwerapo kudzati nayi ya fluid. Sindikupempha kuti mundilemeretse. Ndikunena kuti ngati kagalimoto aka ndi ambulansi ya mudzi, monga mumanenera mukakafuna, ndiye pamsonkhano wa mudzi ukubwerawu tikambirane kathumba kakang'ono ka sipeya, kosunga amayi a komiti ya maliro, osati ine, kuti pasadzakhale zonena. Inu a m'tauni amene munaseka kwambiri pa gulupu, nambala ya foni ya komiti idzakupezani. Mwana wa achemwali wa ku Area 25, shock ziwiri za kumbuyo ndakusungira iwe.

Ndisanaiwale, inu anyamata a matola ndi ena amene ndimakuonani mukutsika mtsetse giya ili pa fili, ena mpaka kuzimitsa injini kuti mupulumutse petulo. Ndikudziwa mmene petulo wavutira, ndagonapo pamzere nanenso. Koma injini ikazima, chothandizira buleki chija chozungulira cha kuseri kwa master cylinder chimatsala ndi mphamvu ya kuponda kawiri kapena katatu, kenako buleki imauma ngati mwala. Ndipo pa fili injini siikuthandiza kugwira galimoto, moto wonse ukupita ku mabuleki. Pa Khwekhwelere ikani giya yachiwiri, ilire, anthu akusekeni kuti mukuyenda ngati ngolo.

Panopa mabuleki ali bwino, koma galimoto siinyamula katundu wolemera mpaka tsamba lija litapezeka. Amene mukudziwa pamene pali 1400 yakufa yomwe masipuling'i ake akadali, ndiuzeni pansipa. Wodwala ndinyamula, usiku kaya masana, gogodani pazenera monga kale. Tsiku loika tsambalo ndidzalengeza, ndipo aliyense amene ali ndi galimoto kapena njinga yamoto abwere adzaone, kuphatikizapo mnyamata wa hamala uja, chifukwa manja ali nawo abwino ndipo ndikufuna wina wogwira tochi.

Ndipo amene munabwereka sipanala yanga ya 10 nthawi yokolola, mukudzidziwa. Musachite kubwera nayo masana. Ingoisiyani pakhonde, sindifunsa.